Jenny wa Mitundu ndi Zakuda za Ama

Mukafika pamsika wa Nkhata Bay n'kufunsa kuti Jenny wa mitundu ya zovala amapezeka pati, aliyense akulozerani, ngakhale ogulitsa usipa. Mukafunsa ine, ndikuyankhani kuti pitani mukafunse kwina. Komatu ndi mng'ono wanga, bere limodzi, ndipo ndimamudziwa kuposa momwe galasi lake limamudziwira.

Ine ndine Lusungu, telala. Makina anga ali pakhonde la sitolo ina kumtunda kwa msika, ndipo mwa tsoka langa kachipinda ka Jenny kali tsidya lina la msewu, khomo kuyang'anizana ndi makina angawo. Ndikangodzutsa mutu pa nsalu, maso amagwera pa chikwangwani chake. Tsiku lonse ndimasoka nditawerama, mpaka khosi linazolowera.

Jenny anabadwa mu 1986 ku Chikale, ine ndili ndi zaka zisanu. Diso loona mitundu anabadwa nalo, zimenezo sindingakane. Chimene sanabadwe nacho ndi manyazi. Jenny ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, bambo athu, Ada Cyrus Mhone, anatigulira madiresi a Khirisimasi ofanana, achikasu onse awiri. Ine ndinalandira ndi manja awiri n'kugwada. Jenny anaika lake pansi pa chibwano, n'kudziyang'ana pagalasi la zenera, n'kunena kuti likumuonetsa ngati nsomba youma. Ndinkadikira kuti mbama ilira. Koma Ada, amene anali kalaliki kudoko, munthu wosita ngakhale mpango wa m'thumba, anaseka mpaka misozi, akuti uyu ndiye Mtonga weniweni. M'mawa mwake anakamusinthira lina la buluu. Ine langa ndinalivala mpaka linang'ambika m'khwapa.

Anakula choncho, wosadzudzulidwa. Sukulu anailekera Fomu 2. Anakwatiwa kamodzi, koma ukwatiwo sunathe chaka, ndipo mwamunayo ankauza anzake kuti anatopa kubwezedwa pakhomo m'mawa uliwonse kuti akasinthe malaya. Mu 2011 Jenny anakwera basi ya ku Joni. Kumeneko anapeza ntchito ya m'nyumba kwa mayi wina wachizungu amene ntchito yake inali youza azimayi anzake mitundu ya zovala imene imawakhala. Jenny ndiye ankachapa ndi kusita tinsalu timene mayiyo ankagwiritsa ntchito. Zaka zisanu ndi zitatu ankaima pakhomo la chipindacho ndi thireyi ya tiyi m'manja, maso ali pagalasi, makutu ali tcheru. Sukulu yake yonse ndi imeneyo.

Anabwera mu 2019. Anzake akachoka ku Joni amatsika ndi firiji, wailesi yakanema, ena malata. Jenny anatsika ndi sutikesi imodzi yodzaza tinsalu toposa zana, kalikonse mtundu wakewake, kosakwana ngakhale kusoka bulauzi ya mwana. Amayi athu, Ama Nellie NyaLongwe, anatiyang'ana tinsaluto n'kufunsa ngati azungu aja anamulipira zigamba.

Kagwiridwe kake ka ntchito ndakaonera pakhonde pano kambirimbiri, moti ndikhoza kukachita nditatsinzina. Amafuna munthu abwere m'mawa, dzuwa lisanakwiye. Amamusambitsa kumaso kuti paudala yense achoke, amamumanga duku loyera kubisa tsitsi, n'kumukhazika pafupi ndi khomo, galasi lili patsogolo. Kenako amayamba kuyala tinsalu pansi pa chibwano, kamodzikamodzi. Amayamba ndi ka golide, n'kubwera ka siliva. Sayang'ana nsaluyo ayi, amayang'ana m'munsi mwa maso, milomo ndi mano. Akuti pali mtundu umene umadzutsa nkhope ndipo pali umene umaigoneka. Akamaliza amagamula ngati woweruza kukhoti, kuti inu ndinu Sipuring'i, kapena Sama, kapena Otamu, kapena Winta. Mayinawo akuti ndi a nyengo zinayi za kwa azungu. Ife kuno timadziwa dzinja, chisanu ndi chilimwe, koma lero mukhoza kukumana ndi mayi mwezi wa Okutobala, thukuta lili kamukamu, akukuuzani monyada kuti iye ndi Winta.

Aliyense amachoka ndi kakhadi komatidwa tizidutswa ta nsalu. Pamenepo palembedwa lipisitiki yoyenera, mtundu wa wigi kapena meshi, ndiponso ngati ndolo zikhale za golide kapena za siliva. Poyamba anthu ankaseka. Kenako mphunzitsi wina amene kwa zaka zambiri ankavala wigi yofiirira anakhala pampando uja, n'kutuluka ndi tsitsi lakuda bii ndi milomo ya mtundu wa nthudza. Lamlungu kutchalitchi anthu ankamufunsa kuti wachira liti, chikhalirecho sanadwale n'komwe. Kuyambira pamenepo pakhomo pa Jenny sipanasowe nsapato.

Ogulitsa kaunjika amamutukwana mpaka lero, chifukwa azimayi amafika pamulu ndi kakhadi m'manja, kugundika kufananiza, n'kuchoka osagula. Nane sanandisiye. Tsiku lina anawoloka msewu, makasitomala anga atakhala pabenchi, n'kundiuza kuti ndine Otamu, ndipo buluu amene ndavala moyo wanga wonse amandionetsa ngati sindinagone sabata yathunthu. Palibe amene anamufunsa. Ndiye Jenny ameneyo. Safunsa ngati munthu ukufuna kumva, amangoponya choona chake ngati mwala, kenako amadabwa kuti bwanji ukutuluka magazi.

Zonsezo ndikanazipirira. Zimene sindinapirire ndi za Ama.

Ada anamwalira mu Juni 2022. Kubanja kwawo kuli mwambo wake, ndipo Ama anaudziwa kuyambira tsiku limene analowa m'banjamo. Mkazi wamasiye amavala zakuda, kuyambira duku mpaka chitenje. Sakhala pamsika kugulitsa, savina, ndipo paukwati saima ndi anthu kutsogolo. Zimatha pokhapokha mlongo wake wa malemu abwere ndi nsalu yatsopano, amasule duku lakuda ndi manja ake, n'kumuveka nsaluyo. Wina aliyense sangachite zimenezi, kaya mwana, kaya abusa. Ndipo mwa alongo onse a Ada, wotsala anali mmodzi, azakhali athu, Ankhazi Winnie a ku Usisya, mayi wamfupi, wosaseka wamba.

Zakudazo zinali ndende kwa Ama. Anali munthu wa pamsika, wogulitsa ufa wa kondowole kwa zaka makumi atatu, wodziwa nkhani ya aliyense isanafike kwa mwini wake. Pa chilimika, gule wathu wa amayi wa chaka chatsopano, ankatsogolera mzere ndi mpango m'dzanja ngakhale imvi zitayamba. Tsopano ankangokhala pakhonde ku Chikale, kuwerenga miyezi. Chimene chinkawalimbitsa mtima chinali chimodzi. Mwana wanga Vitumbiko, amene Ama anamulera pamsana pawo ine ndili pamakina, anali atatomeredwa ndi mnyamata wotchedwa Paston, ndipo ukwati unaikidwa mu Ogasiti 2024.

"Pa ukwati wa Vitu ndikavina mpaka fumbi likandidandaule," ankatero Ama.

Chaka chitakwana, Ankhazi anatsika sitima ya Ilala ndi kachikwama kawo kukhwapa. Loweruka m'mawa tinasonkhana azimayi okhaokha m'chipinda cha Ama, ife ana, anansi awiri, ndi achibale a Ada atatu. Ama anakhala pamphasa, miyendo atatambasula. Ankhazi anatulutsa nsalu. Inali ya mtundu wa lalanje lakupsa, yokhala ndi masamba akhofi.

"Mulamu," anatero Ankhazi, "mtundu uwu sindinasankhe mwangozi cha. Tsiku limene mlongo wanga anakuonani koyamba padoko munavala wotere. Anabwera kunyumba akuimba. Lero ndikukubwezerani kumene anakupezani."

Ama anayamba kulira mwakachetechete. Ankhazi anaika nsaluyo paphewa la Ama, n'kugwira mfundo ya duku lakuda kuti amasule. Mfundoyo inali itayamba kale kulekana.

"Tadikirani kaye, Ankhazi."

Anali Jenny. Ndinali ndisanaone kuti walowa ndi galasi lake ndi pepala la pulasitiki. Anagwada kutsogolo kwa Ama, n'kuimika galasilo, n'kunyamula nsalu ya Ankhazi ndi zala ziwiri, monga munthu amachotsera tsitsi m'ndiwo, n'kuigwetsera pamphasa. M'malo mwake anayala yake, ya buluu wakuda woyandikira ku makala.

"Taonani nokha kusiyana kwake," anatero, akumwetulira ngati wabweretsa mphatso. "Ama ndi Winta. Lalanje limawadwalitsa nkhope, limawaonjezera zaka khumi. Inetu ndimawaona tsiku lililonse. Chaka chino cha zakudachi ndi pamene Ama aoneka bwino kuposa zaka zonse zimene anakhala ndi Ada."

Mmodzi wa achibale a Ada anagwira pakamwa. Ankhazi anayang'ana nsalu yawo pamphasa kwa nthawi yaitali. Kenako anaitola, anaikung'untha, n'kuipinda bwinobwino ngodya ndi ngodya.

"Yewu, zikomo, mwana wa mlongo wanga," anatero. "Wandiphunzitsa. Ngati zakuda zawakhala chomwecho, akhale nazo."

Anatuluka, achibale aja pambuyo pawo. Nkhuku zimene tinapha zinadyedwa ndi anansi. Ama anangokweza manja n'kumanganso okha mfundo ya duku lija.

Panja ndinamuuza Jenny mawu amene sindingawalembe pano. Iye anangotambasula manja, maso ali gwa.

"Ndalakwa chiyani, Lusungu? Ndanama? Mumafuna ndiwasiye Ama atuluke akuoneka ngati achoka kuchipatala?"

Mpaka lero funso lake ndi lomwelo, ndanama? Ngati kuti padziko pano mlandu ndi bodza lokha.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Patapita milungu iwiri ndinatseka makina, ndinagula tambala, n'kukwera boti la ku Usisya. Ndinawapeza Ankhazi akusenda chinangwa kuseri kwa nyumba. Ndinagwada pamchenga wotentha mpaka mawondo anachita matuza, iwo osandiyang'ana. Atamaliza dengu lonse ndi pamene analowa m'nyumba n'kutuluka ndi nsalu ija.

"Iwe sunalakwe, nyamuka," anatero. "Amene anataya nsalu yanga pansi ndi amene aitole. Ndiwe telala. Umusokere bulauzi, siketi ndi duku pa nsalu yomweyi. Avale, achoke pakachipinda kake ka magalasiko masana dzuwa likuswa mtengo, adutse pakati pa msika wapansi mpaka padoko, akwere boti, adzagwade pamene wagwada iwepa. Akatero ndibwera ndi nsalu ina, ndidzamasule mulamu wanga. Kupanda apo, musandivutitse."

Ndinabwerera mtima uli m'malo. Ndinkati nanga pamenepa pali chovuta? Kuchokera pakhomo pa Jenny kufika padoko ndi ulendo woti madzi a tiyi sangawire. Miyeso yake ndimaidziwa pamtima, moti sindinafunenso tepi. Ndinasoka masiku awiri, ndipo ndikunena mosadzitama kuti sindinasokepo chovala chokongola chotero. Ndinachinyamula pahang'ala n'kuwoloka msewu.

Jenny anachiyang'ana ngati ndamubweretsera njoka.

"Lusungu, ine ndine Sama. Lalanje kwa ine ndi poizoni, ndipo tauni yonse ikudziwa chifukwa ndimawaphunzitsa ndine. Ndikangodutsa pamsika nditavala zimenezi, mpaka duku, mawa adzakhale pampando wanga ndani? Akaunjika aja adzandijambula pafoni, ndidzakhala choseketsa mpaka ku Mzuzu."

"Ndi Ama, Jenny. Amene anakubereka."

"Ndikudziwa, asisi. Tiyeni tichite chonchi. Ndivale siketi yokha, pamwamba ndivale zanga. Chimene chili kutali ndi nkhope sichiononga kanthu. Kapena ndikavalire m'boti likanyamuka."

Tinawaimbira foni Ankhazi kudzera kwa mdzukulu wawo. Yankho linali lalifupi.

"Ndikhumba cha, sindikufuna. Zonse zitatu, ndipo pamsika."

Miyezi inayamba kudutsa. Ndinapachika chovalacho pakhoma kuseri kwa makina anga, m'pepala la pulasitiki, poti Jenny akatsekula chitseko chake azichiona. Akulu a mpingo anamuyendera, iye anawapatsa tiyi n'kuwauza kuti akuganizabe. Anansi anamunena, iye anati ndi nsanje. Ama, amene anali ndi ufulu wonse womutemberera, anamupempha kamodzi kokha, ndipo ndinalipo. Jenny anabwera ku Chikale ndi shuga ndi sopo, pakuti pa zoterezi saumira, ndipo Ama anamugwira dzanja.

"Mwana wangu, ndi tsiku limodzi lokha."

"Ndamva, Ama. Ingondipatsani nthawi, bizinesi ikhazikike kaye."

Ama anasiya dzanjalo n'kuyamba kufunsa za mtengo wa sopo.

Ukwati unafika. Ine ndinafuna kuti Jenny asapondeko, koma Vitumbiko analira kuti amayi ake aang'ono ndi amene amukonze kumaso, ndipo mkwatibwi sakanizidwa. Jenny anakana diresi loyera mbee limene tinasankha, akuti mwanayo ndi Otamu ngati ine, n'kukapeza lina loyera mwa mkaka. Anamupaka paudala wogwirizana ndi khungu lake, osati woyeretsa uja, milomo n'kuipatsa mtundu wa njerwa yootcha. Vitumbiko atatuluka m'chipinda anthu anaiwala kululuta. Mwana wanga sanakongolepo chotero, ndipo zinandipweteka kuti manja amene anamukongoletsa ndi omwewo.

Ama anakhala benchi yomaliza m'tchalitchi, pafupi ndi khomo. Nthawi ya zithunzi Vitumbiko anawathamangira ndi diresi lake kukawakoka, koma Ama anakana. Anati zakuda sizilowa m'chithunzi cha ukwati, angamutsekere mwana mwayi. Kuholo anakakhala kuseri, kumene amayi ankatsuka mapoto. Pa perekaniperekani ndinatuluka kukatenga mbale, ndipo ndinawapeza atakhala pa ndowa yovundikira, nyimbo ikumveka kudutsa khoma, phazi lawo limodzi likugunda pansi. Atandiona analibisa m'chitenje.

M'katimo Jenny anali pakati pa bwalo, atavala buluu wake wotuwira wa pakakhadi, akuvina ndi kumwaza ndalama. Atatuluka kudzapuma anawaona Ama pandowa paja, n'kundikodola.

"Koma Lusungu, tawaonani Ama momwe akuwalira. Ndi ndolo za siliva akanaposa tonse pano."

Ndinali ndi mbale khumi m'manja. Ndimathokoza Mulungu kuti zinali zobwereka.

Patatha sabata, Ama anabwera kumakina kwanga masana, chinthu chimene sankachita. Anaima nthawi yaitali akusisita pulasitiki ya chovala chija. Kenako anayang'ana uku ndi uku, n'kunong'ona.

"Lusungu, siketi iyi ungaikulitse pang'ono m'chiuno? Ndi bulauziyi m'mapewa. Sindikufuna kutuluka nazo ayi. Ndingoyesa."

Ndinasiya diresi la kasitomala pamakina n'kuyamba kuphwasula misoko. Tinapita ku Chikale chovalacho chili m'chikwama, pansi pa masamba a chigwada. Ama anatseka chitseko ndi loko, anakoka makatani, n'kuvula zakuda koyamba masana chimwalirire Ada. Ndinawathandiza mabatani. Duku anamanga okha, mfundo kutsogolo, monga ankamangira pa chilimika. Kenako anaima pagalasi la wadiropu.

Ndinawayang'ana pagalasipo. Nkhope ya Ama inatuwa ngati phulusa. M'munsi mwa maso munada, makwinya onse anatulukira, milomo inaoneka youma. Anali ngati munthu wochoka kuchipatala, ndendende momwe Jenny ananenera.

Koma Ama ankamwetulira. Anatenga mpango wa Ada m'dirowa, wositasita uja, anaukweza m'mwamba, n'kuponya mapazi katatu kutsogolo, katatu kumbuyo, akuimba chapansipansi kuti anansi asamve. Anatembenuka kamodzi, siketi n'kuzungulira.

"Ndikuoneka bwanji, mwana wangu?"

"Mwatchena, Ama," ndinatero. "Mwatchena kwabasi."

Anavinanso pang'ono mpaka mpweya unawathera. Kenako anavula, anapinda chilichonse mosamala, n'kuvalanso zakuda zawo. Anandipatsa chovalacho n'kunena kuti ndibwezeretse misoko momwe inalili, mwina mwini wake angachifune.

Ndinabwezeretsa, pa muyeso wa Jenny, n'kuchipachikanso pakhoma pomwe paja. Chilipo mpaka lero, ndipo mbali yoyang'ana kudzuwa yayamba kusuluka. M'mawa uliwonse Jenny amatsekula chitseko chake, amachiyang'ana, amandipatsa moni, ine osayankha, kenako amakhazika mayi wina pampando n'kuyamba kuyala tinsalu take. Anthu amati ndikhululuke, chibale ndi fupa sichiola. Fupalo ndilibe nalo mawu, likhale.

Ama ali m'chaka chachinayi cha zakuda. Ankhazi Winnie akwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu, ndipo amene abwera pa boti la dzulo akuti masiku ano satulukanso m'nyumba.